Musanagule Sienta ya maso ozungulira, werengani kaye miyezi yomwe Mbenji imakhala yotseka

Lero za mpunga ndi feteleza tizisiye kaye. Ndikufuna tikambirane za kagalimoto kaja kadzaza pa msewu wa M5, Toyota Sienta yakale ija ya maso ozungulira ngati a chule. Chaka chino anthu angapo, ena eni maboti ena alimi anzanga, akhala akundifunsa kuti, "Achimwene, inu muli nayo, tigule kapena tisagule?" Kuyankha mmodzimmodzi kwanditopetsa, ndiye ndati ndilembe kamodzi pano, aliyense adziwerengere yekha.

Yankho langa ndi ili. Galimotoyi ndi yabwino ndithu. Koma poganiza zogula musayang'ane ndalama zomwe zimakhala m'thumba mwanu mu Ogasiti, utaka ukugwidwa, mpunga mwagulitsa. Yang'anani m'thumba mwanu mu Febuluwale. Ngati mungathe kuidyetsa miyezi yonse yomwe chilumba cha Mbenji chimakhala chotseka, gulani. Ngati simungathe, dikirani kaye, palibe akukuthamangitsani.

Tiyambe ndi kuipatsa ulemu wake. Sienta yoyamba inatuluka ku Japan mu 2003, ndipo mtundu umenewu anaupanga mpaka 2015 pomwe kunabwera ina ya nkhope yamakono ija. Maso ozungulirawo amaipangitsa kuoneka ngati magalimoto a makedzana, a Volkswagen ndi a Morris Minor aja timawaona pa zithunzi za nthawi ya atsamunda. Nchifukwa chake ngakhale agogo akaiona amamwetulira. Mkati muli mipando 7, zitseko za kumbuyo ndi zotsetsereka, ndipo mipando iwiri yomaliza imapindika n'kulowa pansi pa ya pakati, kumbuyo n'kutsala bwalo loikapo katundu. Injini yake ndi ya malita 1.5, amaitcha 1NZ, yomweyomweyo ili mu Probox, Fielder, Axio, Raum ndi Spacio. Ubwino wake ndi woti makaniko aliyense pa Kamuzu Road amaidziwa, ndipo zipangizo zake ku Biwi ku Lilongwe sizisowa. Mafuta imamwa mwaulemu. Pa zimenezi sindingainamizire.

Koma muwerengere zaka. Iliyonse ya maso ozungulira yomwe mukuiona lero, kaya ikunyezimira bwanji, yakwanitsa kale zaka 10, ndipo zina zadutsa 20. Ku Japan galimoto imayesedwa ikakwana zaka zitatu, kenako zaka ziwiri zilizonse, ndipo kuyesako ndi kodula. Ikapitirira zaka 13 msonkho wake umakweranso. Ndiye eni ake amaona kuti bola kuigulitsa, n'kubwera kuno poti ifenso timayenda kumanzere ngati iwowo. Anaipangira mabanja a m'tauni, kuperekera ana kusukulu pa phula losalala. Amene anaijambula sanauonepo mchenga wa ku Chikombe, sanaonepo dengu la utaka likuchucha madzi. Ife ndi amene tikuisandutsa lole, ambulansi, minibasi ndi ngolo nthawi imodzi.

Tsopano nkhani yeniyeni. Inu a kutali mwina simudziwa mmene ndalama imayendera kuno. Kuyambira m'zaka za m'ma 1950, ufumu wa a Makanjira unaika lamulo loti chilumba cha Mbenji chizitsekedwa nyengo ya mvula. Mu Disembala asodzi onse amachoka, mu Epulo ndi pomwe a Senior Chief Makanjira amatsegulanso ndi mwambo pa doko la Chikombe. Pachilumbapo salola mowa, chamba, juga, ngakhale amayi sapondapo. Anthu ophunzira amachokera kutali kudzaona chifukwa chomwe utaka wa ku Mbenji umakhala waukulu chonchi pomwe madoko ena akulira. Chinsinsi chake palibe china, nsomba zimapatsidwa mpata woswana.

Lamuloli ndi labwino, ndipo ine ndimaliikira kumbuyo ndi mtima wonse. Koma tanthauzo lake kwa mwini galimoto ndi loti kwa miyezi pafupifupi inayi, ndalama pa Chikombe imachepa zedi. Ogula nsomba ochokera ku Lilongwe ndi ku Kasungu amasowa. Alovi amabwerera kwawo. Amayi a geni ya mandasi ndi tiyi amapinda manja. Okwera matola amachepa, ndipo ochepawo amanenerera mtengo mpaka umve chisoni. Miyezi yomweyo ndi yomwe mlimi akufuna feteleza wobereketsa, akufuna ndalama ya aganyu opalira ndi owokera mpunga, ana akufuna fizi ya temu ya Januwale, nkhokwe yayamba kuoneka pansi. Miyezi yomweyonso msewu wathu wochoka pa tala kutsikira kunyanja umasanduka phala. Zonsezi zimagwa pamodzi ngati zinapangana.

Nanga galimoto imadziwa zoti chilumba chatsekedwa? Ayi ndithu. Inshuwalansi ikatha yatha, COF ikatha yatha, wapolisi wa pamsewu sangamve zoti utaka kulibe. Mukati muiimike pansi pa mtengo mudikire Epulo, batire limafa, matayala amaphwa n'kuyamba ming'alu, makoswe ochokera kunkhokwe amalowa mu boneti n'kutafuna mawaya. Mukati muziyendetsa, matope amadya mabuleki, maenje amathyola mashoka, ndipo okwera ake ndi atatu. Ng'ombe ya pangolo nyengo imeneyi ikudya msipu waulere, ikunenepa, mwinanso yaswa. Galimoto siswa. Chaka chilichonse mtengo wake weniweni ukutsika, ngakhale kugwa kwa kwacha kumatinamiza kuti wakwera.

Tiwerengere mafuta okha. Thanki ya Sienta imalowa malita 42. Mu Novembala 2023 bungwe la MERA linaika petulo pa K2,530 pa lita, ndiye kudzaza thanki inali K106,260. Mu Okutobala 2025 lita inafika pa K3,499, thanki yomweyo inali K146,958. Umenewo unali mtengo wa papampu, mafutawo akapezeka. Akasowa ku boma, monga zakhala zikuchitikira zaka zino, kuno timadalira a m'zigubu, mtengo wake wonena mwini chigubu, ndipo ena mwa mafutawo amakhala osakaniza ndi zinthu zomwe injini sigwirizana nazo. Pa zipangizo ndiye musaiwale kuti palibe ngakhale bawuti imodzi ya Sienta yopangidwa m'dziko muno. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, inagwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo ulendo uliwonse mtengo wa shoka, tayala ndi oyilo unadumpha tsiku lomwelo. Mtengo wa mpunga wanu sudumpha choncho.

Pali mtengo wina womwe suoneka pa risiti iliyonse. Kumudzi kuno galimoto sikhala ya munthu mmodzi. Tsiku lomwe yafika pakhomo, yakhala ya fuko lonse. Mlamu akufuna akatenge malata ku boma. Azakhali akufuna kukaona odwala. Kwagwa zovuta kutsidya, bokosi likufunika kunyamulidwa. Usiku pakati wina agogoda, mayi wayamba kumva kupweteka. Zambiri mwa izi munthu sungakane, ndipo sukuyenera kukana. Koma mwa maulendo khumi otere, oponya ya mafuta yokwanira amakhala angati? Ena amangoti "Mulungu akudalitseni achimwene," basi. Madalitsowo ndimawalandira ndi manja awiri, koma papampu sawalandira. Amene akuganiza zogula aike ndalama imeneyi mu bajeti yake kuyambira tsiku loyamba, ngati mmene timapatulira chimanga cha pamaliro tikamakolola.

Tsopano za katundu, pomwe ambiri timaiphera galimotoyi. Probox, yomwe anaipangira ntchito yonyamula katundu, malire ake olembedwa ndi makilogalamu 400, kutanthauza matumba 8 a makilogalamu 50. Sienta anaipangira anthu 7. Muwerengere nokha kulemera kwa anthu 7, muona kuti mukachotsa dalaivala mwatsala ndi malo a matumba 6, mwina 7 basi. Koma taimani pa Thavite kapena pa Khombedza tsiku la msika muone. Anthu 11 mkati, matumba kumbuyo, chitseko chomanga ndi linya, pamwamba njinga. Galimotoyi ndi yaifupi kale, ndiye ikalemedwa chonchi mimba yake imakwekwereza pansi. Mwala umodzi ukaboola pansi pa injini, oyilo amatha dalaivala asanadziwe. Ena amaika masipuling'i olimba kuti ikwere m'mwamba. Imakweradi, koma mabuleki ndi omwe aja, matayala ndi omwe aja, ndipo pa liwiro imayamba kuyendera mbali ngati bwato pa mwera. Apa nkhani sikhalanso ya ndalama yokha. Mkatimo muli ana a anthu.

Chinthu china chomwe wogula aliyense ayenera kudziwa ndi giya bokosi. Sienta zambiri zomwe zili kuno ndi zokoka ndi matayala akutsogolo okha, nambala ya chasisi yake imayamba ndi NCP81, ndipo giya bokosi yake ndi ija amati CVT. Mkati mwake mulibe magiya a mano ngati a lole. Muli lamba wachitsulo woyenda pakati pa mapule awiri. Pa tala imayenda mofewa ndipo ndi imene imapulumutsa mafuta. Koma ikatitimira mumchenga kapena m'matope inu n'kumangoponda moto, matayala akuzungulira pamodzimodzi, lamba uja amatentha n'kuyamba kuterereka. Imafunanso oyilo wakewake wa CVT. Wina akakuthirirani oyilo wa giya bokosi ya otomatiki wamba poti ndi wotchipa, mwayamba ulendo wokagula giya bokosi ina. Ilipo ina ya NCP85, yokoka ndi matayala onse anayi, yomwe ili ndi otomatiki wamba wa magiya anayi. Imeneyo imamwa mafuta ochulukirapo, koma kwa ife a kumchenga ndi yoyenera kuiganizira. Kungoti zambiri zotere zimachokera kumadera a chisanu ku Japan komwe amathira mchere m'misewu, ndiye muziyang'ana dzimbiri kunsi.

Kagulidwe kali pawiri. Njira yoyamba ndi kuitanitsa ku Japan kudzera m'makampani monga Be Forward kapena SBT. Mtengo womwe mumauona pafoni ndi chiyambi chabe. Pali sitima mpaka ku Dar es Salaam, zolipira padoko, dalaivala ndi mafuta kudutsa Tanzania yense mpaka pa chipata cha Songwe, msonkho wa MRA, kenako kulembetsa nambala. Msonkhowo umayendera zaka za galimoto ndi kukula kwa injini, ndipo yakale kwambiri imalipira wochuluka, ndiye yomwe ikuoneka yotchipa pafoni ikhoza kudzakudabwitsani paboda. Vuto lalikulu panopa ndi madola. Mu 2025 ku banki dola inali cha m'ma K1,750 koma kuti muipeze inali nkhani ina, ndipo kunja kwa banki mtengo wake unali wina zedi. Ubwino wa njirayi ndi woti galimotoyo sinalawepo maenje athu.

Njira yachiwiri ndi kugula yomwe yayenda kale kuno, ndipo ambiri a ife ndi yomwe tingakwanitse. Apa ndi pomwe pamafunika mwambi uja, kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine ndikamaperekeza munthu kokaona galimoto ndimachita izi. Timafika m'mamawa injini isanalizidwe, chifukwa injini yotentha imabisa matenda. Timatembenuza kiyi osaliza, n'kuona ngati magetsi onse a padashibodi ayaka, makamaka ka chithunzi ka injini kaja, poti ena amachotsa babu kuti kasamaoneke. Ikalira timayang'ana utsi kumbuyo. Timagona pansi ndi tochi kuona ngati kunsi kuli mabala, zowotcherera kapena oyilo wodontha. Timatukula kapeti wa kumbuyo, chifukwa galimoto yomwe inkanyamula nsomba za fuleshi imaola pansi ndi madzi a ayisi, ndipo fungo lake ngakhale athire perefyumu wa mtundu wanji limabwerera dzuwa likatentha. Timatsegula ndi kutseka zitseko zotsetsereka kangapo, poti mchenga umadya tinjanji take. Makilomita a padashibodi sitiwakhulupirira kwenikweni, timayang'ana mmene chiwongolero, mapedulo ndi mpando wa dalaivala zaperepesekera. Kenako timaiyendetsa pa chitunda muli anthu anayi. Ikamanjenjemera ponyamuka, kapena injini ikamakuwa liwiro osawonjezeka, timathokoza mwiniwake n'kubwerera.

Mapepala ndiye musachite nawo manyazi. Nambala ya chasisi yomwe ili pagalimoto ifanane ndi ya mu bulubuku, chilembo ndi chilembo. Dzina la mu bulubuku likhale la munthu yemwe akukugulitsaniyo, ndipo mupite naye limodzi ku Road Traffic mukasinthe umwini musanamalize kulipira. Nkhani zoti "mwiniwake ali ku Joni koma anandisiyira" kapena "bulubuku ili kwa achimwene tidzakupatsani" zalizapo anthu ambiri. Madobadoba ena amalankhula mokoma kuposa wofunsira mbeta. Ndipo ngati cholinga chanu ndi kunyamula anthu olipira, dziwani kuti pamafunika nambala yofiira, inshuwalansi yake ndi ziphaso zake. Kuyenda mozemba kumaoneka kotchipa mpaka tsiku la ngozi, pomwe a inshuwalansi adzakuuzani kuti anthu amenewo sakuwadziwa.

Ndikudziwa ena mukuti, "Akuluakulu inu mukutiopseza pomwe inuyo muli nayo." Funso labwino, ndipo mfundo zanu ndikuzidziwa. Galimoto imapulumutsa moyo. Mayi woyembekezera zikavuta usiku, kumuika pa njinga yamoto mpaka ku chipatala chachikulu ku Salima ndi chinthu chomwe palibe amafuna. Galimoto imamasula mlimi kwa mavenda, poti mpunga ukautengera wekha kumsika mtengo umanena ndiwe. Nsomba ya fuleshi ikanyamuka pa Chikombe m'bandakucha, kuchoka pa boma kukafika ku Lilongwe ndi makilomita pafupifupi 100 okha pa M14, imakafika isanafewe ndipo mtengo wake ndi wina. Zonsezi ndi zoona, ndipo ndi zifukwa zomwe ine ndinagulira. Komatu taonani, nthawi yomwe mudzi umafuna galimoto kwambiri ndi yomwe ija ya mvula, malungo ali pakati pa ana, kabaza akukanika matope. Galimoto yomwe inagulidwa ndi ndalama yonse ya mu Ogasiti, mu Febuluwale imakhala ili pa njerwa, nkhuku zikuikira mazira pa mpando wa dalaivala. Imeneyo singapulumutse aliyense. Yendani m'midzi ya m'mbali mwa nyanja muwerenge nokha zomwe zakhala choncho, zina mpaka udzu wamera mkati.

Enanso mumati bola Probox. Ngati ntchito yanu yaikulu ndi matumba ndi madengu, ndikugwirizana nanu, Probox ndi yolimba msana ndipo injini ndi yomweyo. Sienta imapambana pa kunyamula anthu mwaulemu, agogo kukwera osavutika, wodwala kugona bwino. Koma kaya Probox kaya Sienta, funso la Febuluwale silisintha. Ndipo pali ena amene yankho lawo si galimoto n'komwe. Ngati ndalama yanu ikungokwana galimoto yokha osatsalako, ganizirani ng'ombe ziwiri ndi ngolo, kapena pampu ya sola ya kudimba yomwe ingakupatseni ndalama m'chilimwe, kapena njinga yamoto. Zimenezi ndi zomwe zidzakugulireni galimoto zaka zikubwerazi. Chomwe ndikukanitsitsa ndi kugulitsa munda, kugulitsa ng'ombe za pangolo, kapena kutenga katapila chifukwa cha maso ozungulira. Munda ukapita sudzabweranso, pomwe Sienta ku Japan zikadalipo zambirimbiri.

Kwa inu amene mwawerengera bwino ndipo mwaona kuti mukwanitsa, langizo langa ndi loti muphunzire kwa Mbenji yemweyo. Chilumba chija chili ndi nsomba lero chifukwa chili ndi malamulo omwe sasintha poona nkhope. Galimoto yanunso ikhale ndi malamulo ake. Anga ndi awa. Ulendo uliwonse wolipidwa, gawo lina la ndalama limalowa m'thumba la galimoto, ndipo thumba limenelo siligula ndiwo, siligula yunifolomu. Mayi a kunyumba ndi amene amasunga, ndipo pofika Disembala liyenera kukhala ndi ya inshuwalansi, ya COF, ya oyilo ndi ya matayala awiri. Anthu sapitirira mipando, matumba sapitirira 6, kaya wopemphayo ndi malume. Nsomba za fuleshi zimakwera zili m'mabeseni otsekera, pansi titayala pulasitiki. Mvula ikagwa usiku wonse galimoto situluka pokhapokha pali wodwala, ndipo ikaima masiku angapo ndimailiza ndi kuisuntha kuti batire ndi matayala zisagone. Womwa mowa sagwira kiyi. Pa matenda ndi maliro sindiwerengera phindu, koma ya mafuta timasonkherana, ndipo izi ndinazinena poyera pamaso pa a mfumu galimoto itangofika, kuti pasadzakhale wonena kuti ndayamba kunyada.

Kwatsala masabata ochepa kuti chilumba chitsekedwe, ndipo ino ndi nthawi yomwe ogulitsa magalimoto amayendera kuno podziwa kuti anthu ali ndi kangachepe ka kumapeto kwa sizoni. Akakupezani, musakangane nawo. Tengani pepala, mulembe zonse zomwe banja lanu lidzafune kuyambira Disembala mpaka Epulo, feteleza, aganyu, fizi, chakudya, mankhwala. Pansi pake mulembe zomwe galimoto idzafune miyezi yomweyo. Ndalama yogulira ichokere pa zotsala. Ngati sipakutsala kanthu, muuzeni wogulitsayo kuti abwerenso chilumba chikatsegulidwa. Akakhala kuti wagulitsa kwa wina, ina idzabwera, sitima sizinaleke kufika ku Dar es Salaam.

Amene muli ndi achibale omwe akutentha mtima ndi nkhani imeneyi, awerengereni. Sabata ya mawa tikambirana za mbewu ya mpunga ndi nthawi yofesa nazale, poti mitambo yayamba kale kusonkhana kutsidya.